Tsache la a Gwanda

Ku Kawale mukatsika kupitirira nyumba zomaliza, kumene madimba a mpiru amathera pa bango, mumafika pamtsinje wa Lilongwe. Tsidya lino ndife, ndi fumbi lathu, mbuzi zathu ndi utsi wa mbaula. Tsidya linalo kunali paki: mitengo italiitali yosadziwa nkhwangwa, ndi kanjira kamchenga kotsata madzi, kokhala ndi mabenchi obiriwira apa ndi apo. Anthu ankalipira pageti kuti akayende m'kanjira kameneko. Sikuti ankapita kwinakwake ayi. Ankayenda mpaka kumapeto, n'kutembenuka, n'kubwerera pomwe asiya galimoto. Ine Eness, amene ndinauzungulira mzinda uno ndi beseni la mandasi pamutu mpaka zidendene kung'ambika, zimenezi sindinazimvetse, ndipo mpaka lero zimandipsetsa mtima.

Amene ankasesa kanjirako anali a Flywell Gwanda, aneba anga. Zitseko zathu zinkayang'anizana, chingwe choyanika zovala chinali chimodzi. Zina za nkhani yawoyi ndinaziona ndi maso angawa. Zina anandiuza okha patapita zaka ziwiri, zitawalemera.

Kwawo kunali ku Ntcheu, kumapiri a ku Tsangano. Sukulu analekezera Sitandade 4, zaka zotsatirazo anathera kumbuyo kwa ng'ombe za amalume awo, ndipo kumeneko ndi kumene anaphunzira kuyang'ana pansi. Ng'ombe ikasowa m'mudzi, anthu ankaitana iwo. Ku Lilongwe anabwera mu 1988 kudzasenza njerwa pamalo omanga nyumba, chaka chotsatira n'kupeza ntchito kupaki kuja. Anali munthu wamtali, woonda, wosakonda kulankhula, woyenda mutu uli pansi ngati wataya singano. Mowa sankamwa, mpira sankautsata, kutchalitchi ankakhala kumbuyo pafupi ndi khomo. Ukawapatsa moni ankayamba ayang'ana mapazi ako, nkhope pambuyo. Tsiku lina ndikuchokera kumsika anandiuza kuti mlamu wanga wa ku Biwi anabwera, anaima pakhomo nthawi yaitali, ndipo anabwerera atakwiya. Munthuyo iwo sanamuone, anali kuntchito. Anangoona mmene zidendene zake zinalowera m'dothi pobwerera. Ndinawauza kuti akanakhala sing'anga bwenzi ali ndi galimoto, iwo n'kungomwetulira mbali imodzi ya pakamwa.

Matsache a kuofesi sankawafuna. Ankati ndi ouma, amakanda mchenga m'malo mousalaza. Lawo ankamanga okha Lamlungu masana, pakhonde, ndi tinthambi tofewa tosankha kamodzikamodzi, n'kulikulunga ndi lamba wa chubu cha njinga. Munthu akanaona mmene ankaliyesera m'manja akanaganiza kuti akukonza chinthu chokagulitsa kwa azungu.

Kanjirako ankakayenda kawiri m'mawa uliwonse, ndipo lamulo limeneli anadziikira okha. Ulendo woyamba, wotsika, tsache linkakhala paphewa, osakhudza pansi. Umenewo ankautcha kuwerenga. Ankapita pang'onopang'ono kuona amene wadutsa usiku: gwape ndi mwana wake, nungu yokoka minga, fisi wotsimphina amene ankachokera kudzala la kumsika, ng'azi yotuluka m'madzi. Akafika kumapeto ankatembenuka, ndipo pamenepo m'pamene tsache linkatsika. Pokwera ankasesa zonse, masamba, ndowe za anyani, mapazi a nyama, kusiya mchenga wosalala kuti oyenda aja asadetse nsapato zawo zoyera. Anzawo ankawaseka kuti amadziwonjezera ntchito, poti munthu wochenjera amasesa kamodzi n'kukakhala pamthunzi. Iwo ankangoyankha kuti sangasese chinthu chimene sanachione.

Pakuwerengako panali chimodzi chimene ankachisaka kwambiri. Kumunsi kwa paki kunali dziwe lakuya, ndipo mmenemo munkakhala ng'ona. Aliyense ankadziwa, poti agalu ndi mbuzi za ku Kawale zinkathera mmenemo. Nthawi zambiri inkakhala kwawo komweko, koma madzi akasintha inkakwera mtsinje, n'kumatuluka usiku pamchenga. Ikatero inkasiya mkwekwe, mzere waukulu wa mimba ndi mchira, zikhadabo uku ndi uku. A Gwanda akauona ankakauza akuluakulu, ndipo tsiku limenelo alendo sankaloledwa kufika m'mphepete mwa madzi. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zinatha popanda mlendo ndi mmodzi yemwe wokandidwa.

Madzulo ukawakakamiza ankasimba za alendowo. Kunali azungu a magalasi oonera patali, amene ankatha ola lathunthu akuyang'ana nantchengwa akumanga chisa, wina akalankhula n'kumutontholetsa ngati ali m'tchalitchi. Kunali bambo wina wonenepa wa ku Area 47 amene dokotala anamulamula kuti aziyenda, ndipo ankayenda akutukwana kuyambira pageti mpaka pageti. Loweruka kunkabwera akwati kudzajambulitsa, mkwatibwi atakumbatira diresi kuti lisakhudze pansi. Ine ndinkaseka mpaka misozi, koma iwo sankawanyoza anthuwo. Ankati malowo ndi okongoladi, makamaka mu Meyi, nkhungu ikamadzuka pamadzi, anyani ali pikitipikiti m'mikuyu. Akamanena za kanjirako mawu awo ankafewa, ndipo munthu akanati ndi munda wa makolo awo.

Mkazi wawo, Zipora, anali mnzanga wa pamtima, n'chifukwa chake ndikumutchula dzina. Ena onse ankati amake Pamela. Anali wamfupi, wa mawu aakulu, woseka mpaka kugwira nthiti, wosadziwa kusunga mawu m'kamwa. Phazi lake lamanzere linali lopotokera mkati chibadwire, komabe ankayenda msanga kuposa ine. Tonse awiri tinkakazinga mandasi, ndipo ake anali abwino kuposa anga, ngakhale ali moyo sindinavomerepo. Pageti la paki anali asanalowepo. Amuna ake ankati adzamutenga tsiku lina akaone, iye n'kuyankha kuti mitengo anaiona yokwanira kumudzi, ndipo ngati akufuna kumusangalatsa amubweretsere nthambi ziwiri zouma.

Nkhani yonse inayambira pa nthambizo. Cha m'ma 2004 makala anakwera mtengo mpaka mandasi kusanduka ntchito yongotopetsa. Tinkakoleza zitsononkho, mapesi, makatoni, mapulasitiki, chilichonse chimene chingayake. Koma tsidya linalo mitengo inkagwa yokha n'kugona pomwepo, ife tikuiona. Lamulo la pakiyo linali lakuti mtengo wouma uziwolera pomwe wagwera, chifukwa tizilombo nato timafuna chakudya. Tsiku limene a Gwanda anandifotokozera zimenezi ndinali ndi utsi wa pulasitiki m'maso, ndipo zimene ndinayankha sizingalembedwe. Chiswe chinali ndi ufulu wodya nkhuni, ife anthu ayi.

Zipora anawaumiriza amuna ake dzinja lonse. Anakana, anakana, kenaka anagonja, koma ndi malamulo awo. Azimayi anayi okha, osapitirira. Nkhwangwa ayi, zogwa zokha. Lachiwiri ndi Lachisanu basi. Powolokera panali pamiyala, moyang'anizana ndi mkuyu waukulu umene pansi pake panali mchenga wotambalala. Iwo akatsika akuwerenga, n'kupeza kuti alonda ali kutali ndipo pamchengapo palibe mkwekwe, ankapachika thumba loyera la feteleza panthambi ya mkuyuwo. Ife tili m'madimba tikaliona, tinkawoloka, kutola msangamsanga, n'kubwerera. Ndiye iwo pokwera ankasesa mapazi athu pamodzi ndi a agwape. Thumba likapanda kuoneka, tinkabwerera kunyumba.

Tsiku loyamba kuwoloka ndinaima m'kanjira muja mtolo uli pamutu, ndipo ndinene zoona, munali mozizirira bwino, mwa fungo la masamba onyowa, ndipo phokoso la Kawale linkamveka ngati lili kutali kwambiri. Ndinalakalaka nditakhala pabenchi kamphindi. Zipora anandikankha kumsana n'kundifunsa ngati ndasanduka mzungu.

Zaka ziwiri zinayenda chomwecho. Kawiri konse thumba silinapachikidwe alonda kulibe, ndipo ulendo woyambawo tinang'ung'udza kuti mkuluyu wayamba mantha. Masana a tsiku lomwelo tinaiona tokha ng'onayo, ili gone pamchenga pansi pa mkuyu, pakamwa yasa. Kuyambira pamenepo palibe anang'ung'udzanso. Tinkawakhulupirira a Gwanda kuposa maso athu, ndipo thumba likakhala panthambi tinkalowa m'madzi tikucheza za mitengo ya ufa.

Mu 2006 kunabwera kapitawo watsopano wa alonda, dzina lake Amos, munthu wa nsapato zonyezimira, wofuna kuti mabwana amuone. Mu Okutobala anapeza phazi limodzi limene tsache linaphonya, m'mphepete mwa udzu. Analivundikira ndi beseni kuti mphepo isalifafanize, n'kuitana antchito onse kudzaliona. Linali lamanzere, lopotokera mkati.

"Mayi ameneyu ndimupeza," anatero Amos. "Mapazi otere mu Lilongwe muno si ambiri. Akakagona kupolisi adzatiuza amene amamutsegulira njira, ndipo ameneyo tsiku lomwelo ntchito yatha."

A Gwanda anaima pomwepo ndi anzawo, akuyang'ana phazi la mkazi wawo ngati salidziwa. Choipa china n'chakuti Amosiyo ankakhala ku Kawale konkuno, ndipo mandasi ankagula pamsika pomwe tinkakhala ife. Kuyambira tsiku limenelo Zipora ankagulitsa atakhala pansi, phazi atalifunditsa chitenje, osadzuka mpaka munthuyo atapita. Ntchito a Gwanda ankaidera nkhawa, inde, koma chimene chinkawasowetsa tulo chinali china. Ankaona mkazi wawo atamangidwa, akumuyendetsa pakati pa msika, anthu akuloza phazi lija. Anandiuza kuti pomukwatira analonjeza mumtima kuti palibe adzamuseke phazilo iwo ali moyo. Kuwoloka kunaima, ndipo Amos anayamba kuyendera kanjirako yekha sikisi koloko m'mawa.

Tinapirira masabata atatu. Kenaka mvula yoyamba inagwa, pakati pa Novembala, ndipo sabata yomweyo mayi wina wa kutchalitchi kwathu anatipempha kuti tikazinge mandasi a chinkhoswe cha mwana wake. Ntchito yotere munthu sukana, koma nkhuni tinalibe. Zipora anakumbukira mtolo umene anaubisa m'thengo tsiku limene tinawoloka komaliza. Lachinayi madzulo, geti atatseka, anawoloka yekha osauza aliyense, ngakhale ine, n'kubwera nawo. Mchenga unali wonyowa. Phazi lililonse linasindikizika bwinobwino, kuyambira pamadzi mpaka m'kanjira.

Anaulula kwa amuna ake akudya chamadzulo. Ine ndinali pakhonde panga, ndikudikira kumva phokoso, koma sipanamveke kanthu. A Gwanda anangosamba m'manja chakudya asanachithe. Anamuuza kuti mawa lake Amos akubwera ndi bwana wamkulu kudzaona kanjirako, chifukwa Loweruka kunali gulu la alendo. Zipora anapepesa, koma poti anali Zipora, anawonjezera kuti mtolo umodziwo sukwana, ndipo ngati mawa njira itseguke, thumba lija asaliiwale.

Popita kuntchito a Gwanda ankazungulira pamlatho, ulendo wa ola limodzi. Lachisanu limenelo anafika pageti m'bandakucha, kukadali kamdima, kumwamba kuli mitambo. Nthawi yoyenda kawiri panalibe, poti Amos akanawapeza ali pakati pa kuwerenga, mapazi a Zipora ali poyera. Kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito, tsache linatsika paphewa pageti pomwepo. Anasesa akutsika, mwamphamvu, thukuta lili kamukamu, osaona chimene akusesa. Atafika pamkuyu anasesa mchenga wonse mpaka m'mphepete mwa madzi, n'kubwerezanso. Anandiuza kuti penapake tsache linalowa m'kangalande, manja anamva, koma mutu unali pa Amos. Anakwirira ndi jombo n'kupitirira.

Amos anafika ndi bwana uja kunja kutayera. Anayenda mpaka pamkuyu, anawerama, anayang'ana uku ndi uku, sanapeze kanthu. Bwanayo anayamikira kuti kanjirako sikanayerepo chonchi. Awiriwo anatembenuka n'kukwera kulowera kugeti, mawu awo n'kumazimiririka m'mitengo.

Munthu akangopulumuka kumene mutu umapepuka. A Gwanda anakhala pamuzu wa mkuyu, mtima uli myaa. Atakweza maso anationa tsidya lino, anayi, taima m'madimba nkhata zili m'manja. Anayang'ana kumtunda, alonda kulibe. Anayang'ana pamchenga monga ankachitira masiku onse, ndipo panali poyera, popanda mkwekwe, popanda kanthu. Sizinawabwerere m'mutu kuti anapayeretsa ndi iwo omwe. Anatulutsa thumba n'kulipachika.

Madzi anali ofiira ndi matope, akufika m'maondo pamiyala pomwe kale tinkangonyowa akakolo. Popita tinawoloka bwino. Tinatola nkhuni zambiri, poti mphepo ya mvula inali itagwetsa nthambi, ndipo Zipora podutsa pafupi ndi amuna ake anawanong'oneza kuti madzulo awaphera nkhuku. Iwo anaseka, ine ndinawaona. Pobwerera iye anatsogola, ine pambuyo pake, moti ndikanatambasula dzanja ndikanamukhudza. Chimene ndinayamba kuona ndi mtolo ukugwa. Ndinaganiza kuti waterereka, ndipo ndinatsala pang'ono kumuseka. Kenaka madzi anatumphuka, ndipo ndinaona msana wa chinthucho.

Sanakuwe. Anagwira mwala ndi manja onse awiri n'kundiyang'ana. Ine ndinasolola chikuni pamtolo wanga n'kuyamba kumenya m'madzi, osadziwa ngati ndikumenya ng'ona kapena mnzanga. Anzathu awiri aja ndiwo anakuwa. A Gwanda analumphira m'madzi ndi chitchetcho chawo chotchetchera udzu, ndipo ndinaona munthu wofatsa uja akubaya m'maso mwa chilombocho, akutulutsa mawu amene sindinawamvepo pakamwa pa munthu. Chinamusiya. Tinamukokera pamchenga, ndipo ndinakulunga mwendo wake wamanja ndi chitenje changa, ngakhale panalibe pokulunga penipeni.

Amos ndi alonda anafika akuthamanga. Amos anayang'ana phazi lamanzere lija, lopotoka, lili bwinobwino pamchenga, anayang'ana a Gwanda, ndipo za polisi sanazitchule. Anavula lamba wake n'kumumanga Zipora pantchafu. Tinamugoneka pabenchi n'kumunyamula kanjira konse mpaka kugeti, kumene bwana uja anamukweza m'galimoto yake. Panjira tinakumana ndi alendo awiri oyamba a tsikulo, ndipo anapatuka n'kuima m'udzu kuti tidutse.

Kuchipatala chachikulu anadula mwendowo pamwamba pa bondo tsiku lomwelo. Madokotala anayesetsa, koma anatiuza mosabisa kuti mano a ng'ona amasiya zoipa m'thupi, ndipo tidikire tione. Ine ndi Pamela, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anali Fomu 3, tinkasinthana pomudikirira. Wina akakhala pambali pa bedi, wina ankakhala kunja akuphika phala limene wodwalayo sankamwa.

Loweruka a Gwanda anaitanidwa kupaki kukafotokoza. Atatha, Amos anapita nawo pamkuyu, awiri okha. Kumapeto kwa mchenga, pansi pa bango pomwe tsache silinafike, panali mkwekwe waukulu. Unatuluka m'madzi, kulowa pamalo osesedwa paja, n'kukatulukira mbali inayo kubwerera m'madzi. M'kati mwake munali timaenje ta mvula yowaza imene inagwa Lachinayi usiku, kutanthauza kuti chilombocho chinagona pamenepo iwo asanafike ndi tsache. Akanatsika tsache lili paphewa, akanauona ali patali. Ngakhale ine ndikanauona.

"Madala, pitani kuchipatala," anatero Amos. "Ine sindinaone chilichonse."

Munthu ameneyu ndinkadana naye, ndipo sindinasiye, koma pa nkhani imeneyi sanatsegule pakamwa mpaka lero. Ntchito ya a Gwanda inatha kumapeto kwa mwezi womwewo, ndipo sindinawamvepo akuitchula. Anayamba ganyu yolima m'madimba a anthu, koma madimba a kumtunda okha. Kumtsinje sanatsikirenso.

Za mkwekwewo ine nthawi imeneyo sindinkadziwa. Atandiuza mu 2008, tili pakhonde dzuwa likuswa mtengo, ndinadzuka n'kulowa m'nyumba, ndipo mwezi wathunthu sindinawapatse moni. Pamiyala paja ine ndinali wachiwiri. Ndili ndi ana atatu. Ndinkafuna kuwatukwana pabwalo, aneba onse akumva, koma ndikawaona akutuluka m'mawa ndi khasu, atakalamba zaka khumi m'zaka ziwiri, mkwiyo unkasowa pogwira. Ndinkadzifunsanso kuti anawoloka Lachinayi ndani, anawaumiriza dzinja lonse ndani, anakazingira nkhunizo zaka ziwiri ndani. Mlandu umenewu m'mutu mwanga sunathe. Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi chimene ndinamva ndi makutu anga m'wodi muja, ndisakudziwa kuti ndikumva chiyani.

Linali Lachitatu masana, nthawi yoona odwala. Thupi la Zipora linali litatentha masiku anayi, akubwebweta za ufa ndi mafuta, koma tsiku limenelo anatsitsimuka, n'kutizindikira tonse. Anamwa phala pang'ono. Anafunsa ngati mandasi a chinkhoswe anakazingidwa, ndinamuuza kuti anakazinga mayi wina wa ku Area 23, iye n'kunena kuti ndiye anthu anadya miyala. Tinaseka, ndipo mtima wanga unayamba kukhala m'malo. A Gwanda anali pansi pafupi ndi bedi, chipewa chili m'manja. Masiku onsewo ankabwera n'kungokhala choncho, osadya chimene tawapatsa. Zipora anatuma Pamela kukatsuka mbale. Ine sananditume, kaya anaiwala kuti ndilipo, kaya ankafuna mboni.

"Bambo a Pamela," anatero, "ndifunse chinthu chimodzi, mundiyankhe, ndipumule. Tsiku lija munali pa changu chifukwa cha mapazi anga. Kodi mchenga uja munauwerenga musanasese?"

A Gwanda anayang'ana pansi. Sizinandidabwitse, poti ndi mmene ankakhalira. Anatembenuza chipewa kamodzi.

"Ndinauwerenga," anatero.

"Panalibe kanthu?"

"Panalibe."

Zipora anausa moyo, mapewa ake n'kugwera pamtsamiro. "Ndimaopa kuti ndinakulakwitsani ine ndi phuma langali," anatero. "Ndiye basi. Ngati inu simunaione, palibe akanaiona."

Anatambasula dzanja n'kuwagwira pamutu, pamaso pa anthu onse a m'wodimo, chinthu chimene sindinamuonepo akuchita zaka zonse zimene tinakhalira limodzi. Anawauza kuti asiye kudzizunza, amete ndevu, ndipo asalole munthu aliyense ku Kawale kuwanena, chifukwa iwo ntchito yawo anaigwira. Ananditembenukira ine n'kundilamula kuti ndikamva wina akuwanena ndimutseke pakamwa. Ndinalonjeza, ndipo pambuyo pake ndinachitadi, kwa anthu angapo, ndi mawu anga onse. A Gwanda anakhala pomwepo, dzanja lili pamutu pawo, osasuntha, mpaka belu lotulutsa alendo linalira.

Madzulo omwewo kutentha kunabwerera, ndipo sikunachokenso. Anamwalira Lachisanu m'mawa. Mawu omaliza amene ndinawamva pakamwa pake anali ofunsa ngati bambo a Pamela adya.